N'chifukwa chiyani vinyo wofiira, tiyi wopanda mkaka ndi masuku osapsa amaumitsa m'kamwa?

Vinyo masiku ano sakusowa. M'masitolo akuluakulu a pa Kasungu boma mukupezeka mabotolo ndi makatoni ake, ambiri ochokera ku South Africa, ndipo pa maukwati ena amaikidwa patebulo la alendo olemekezeka. Komatu ambiri amene alawa vinyo wofiira koyamba amangomwa pang'ono n'kuika tambula pansi. Amati m'kamwa mwauma gwaa, lilime lakhakhala, milomo ikukanirira kumano. Mtsutso umayambira pomwepo. Wina amati vinyoyo wawonongeka. Wina amati athiramo mankhwala. Wina amati ndiwo ukali wa mowawo, pomwe mnzake amachenjeza kuti chinthu choumitsa m'kamwa chotere chimaumitsanso magazi. Pambali pamakhalanso wina wotsutsa kuti ayi, vinyo wofiira amawonjezera magazi, taonani mtundu wake.

Nkhani ino siikulimbikitsa munthu kumwa, siikuletsanso. Ikungofotokoza chimene chimachitika m'kamwa panthawiyo, poti chimachitikanso kwa anthu amene sanakhudzepo mowa chibadwire. Amene anadyapo suku losapsetsa, nthochi yaiwisi, gwafa wanthete kapena jambula akuchidziwa kale. N'chimodzimodzi amene anamwapo tiyi wochuluka masamba wopanda mkaka. Ngakhale kakhungu kofiira ka mtedza wokazinga, kamene timakafikisa m'manja n'kukauzira kumbali, kali ndi chinthu chomwechi.

Kukhakhala si kuwawa, komanso si kuwawasa

Lilime lili ndi timatuza ting'onoting'ono tomvera zinthu zisanu: kutsekemera, mchere, kuwawasa kwa ndimu, kuwawa kwa kwinini, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama, kumene wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anakufotokoza mu 1908. Zisanuzi zimamveka chinthu chikangokhudza lilime.

Kukhakhala kumabwera mwamtundu wina. Choyamba, kumachedwa. Mumayamba mwameza, ndiye pakapita masekondi angapo m'kamwa mumayamba kumangika. Chachiwiri, kumakhalitsa, ndiponso kumaunjikana. Suku lachiwiri losapsa limaumitsa kuposa loyamba, lachitatu kuposa lachiwiri, ngakhale onsewo atoledwa pansi pa mtengo umodzi. Chachitatu, sikumveka palilime pokha. Nkhama, m'masaya ndi kuseri kwa milomo, konseko kumamva.

Kwa zaka zambiri anthu ankakuwerengera pamodzi ndi zokoma zinazo. Madokotala akale a ku India, a Ayurveda, ankati zokoma zilipo zisanu ndi chimodzi, ndipo kukhakhala kunali pamndandandawo. Maganizo anayamba kusintha mu 1954, pamene E. C. Bate-Smith wa ku Cambridge analemba kuti kukhakhala si kulawa ayi, koma kukhudza, ndipo kumadza chifukwa malovu asiya kutereretsa m'kamwa. Mu 1993, Paul Breslin ndi anzake a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia anayesa mfundoyi m'njira yosavuta. Anapaka mankhwala okhakhalitsa kuseri kwa mlomo wam'mwamba, malo opanda timatuza tolawira, ndipo anthu anamvabe kukhakhala. Mungathe kuyesa nokha kunyumba: viikani chala mu tiyi wozizira wochuluka masamba, mupake pakati pa mlomo wam'mwamba ndi nkhama, kenako muyendetse mlomowo. Shuga mukamupaka pamenepo simumva kanthu, koma tiyi mumumva.

Chimene chimasokoneza pa vinyo n'chakuti zonse zimadzera limodzi. Muli kuwawasa kwa asidi wa m'mphesa, muli kuwawa pang'ono, muli kutentha kwa mowa, ndiye pamwamba pake kukhakhala. Munthu wosazolowera amangoti akuwawa, n'kusiyira pomwepo.

Tanini, chida chimene chomera chimadzitetezera nacho

Gwero la kukhakhalaku limatchedwa tanini. Ndi gulu lalikulu la mankhwala achilengedwe amene zomera zimapanga zokha n'kusunga m'makungwa, m'masamba, m'njere ndi m'zipatso zosapsa. Khalidwe limene limawadziwikitsa ndi limodzi: akakumana ndi puloteni, amamugwira n'kumumanga.

Anthu anayamba kupindula ndi khalidweli kalekale asanalimvetse. Chikopa chachiwisi cha ng'ombe, mukachotsa madzi, chotsalacho kwakukulu ndi puloteni, n'chifukwa chake chikanyowa chimawola n'kununkha. Ofufuta zikopa anatulukira kuti akachiviika kwa miyezi m'madzi a makungwa a mitengo ina chimalimba, chimasiya kuwola, n'kukhala choyenera kusokera nsapato ndi malamba. Ku Ulaya ankadalira makungwa a mtengo wa oak. Kuno kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa kunadzalidwa minda ikuluikulu ya mtengo wa black wattle, wochokera ku Australia, monga ku KwaZulu-Natal ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania, ndipo chimene ankafuna kwambiri anali makungwa ake. Zochitika m'kamwa mwathu ndi chiyambi cha ntchito yomweyo, kungoti n'zapamlingo wochepa kwambiri ndipo thupi limabwezeretsa zonse msanga.

Nanga chomera chimavutikiranji kupanga tanini? Chipatso chosapsa chimakhala ndi njere zosakhwima, ndipo chikadyedwa panthawiyo mtengo wataya mbewu. Tsono tanini amabweza nyani, mbalame, tizilombo ndi mwana wosapirira mpaka nthawi itakwana. Chipatso chikamapsa, tanini sachita kuchokamo. Amamangana yekhayekha komanso ndi zinthu zina za m'chipatsomo, mpaka sathanso kusungunuka m'malovu. Amakhala alimo ndithu, koma manja ake ali omangika. Amayi ovundika masuku kapena nthochi kwa masiku angapo amakhala akudikira zimenezi. Anyamata oweta ng'ombe nawo ali ndi njira yawo yachidule. Akathyola nthudza yofiira koma yolimba saiponya m'kamwa nthawi yomweyo. Amayamba aipukusa pakati pa zikhatho mpaka ifewe ndi kuderako, ndiye n'kudya, ndipo imakhaladi itachepa kukhakhala. Ku Japan kuli chipatso chotchedwa persimmon chimene chimakhakhala koopsa, ndipo alimi amachitsekera mumpweya wa carbon dioxide kapena mu nthunzi ya mowa kuti tanini amangike chipatsocho chisanafewe.

Amene amalima mapira amadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Mapira oyera mbalame zimawakonda, ndipo popanda woziingitsa mungakolole mapesi okha. Mitundu ina yoderako mbalame zimailambalala ngati pali china choti zidye. Mitundu imeneyo ili ndi kakhungu ka tanini kunsi kwa khungu lakunja. Kufiira kokha si umboni ayi, chifukwa alipo mapira ofiira amene alibe kakhungu kameneka. Vuto n'lakuti tanini amene wateteza mbewu kumunda ndi yemwenso amamanga puloteni wa m'chakudyacho, moti nkhuku zodyetsedwa mapira otere sizikula msanga. Ku Uganda ndi ku Rwanda anthu anapeza kale njira yake: amaviika mapirawo pamodzi ndi phulusa la nkhuni asanawaphike kapena kufululira mowa, ndipo phulusalo limafoola tanini.

Malovu si madzi chabe

Malovu timawanyoza, koma munthu wamkulu amapanga pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka tsiku lililonse, n'kumameza osadziwa. Amachokera makamaka m'tiziwalo tisanu ndi kamodzi, titatu mbali iliyonse ya nkhope: kutsogolo kwa khutu, pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime. Takukhututo ndi timene timatupa mwana akadwala matsagwidi. Pafupifupi magawo 99 pa 100 alionse a malovu ndi madzi. Ntchito yonse ili m'kagawo kamodzi kotsalako.

M'kagawo kameneko muli mchere wosiyanasiyana, muli amylase amene amayamba kugaya chakudya monga nsima ndi mbatata chikadali m'kamwa, ndiye muli mapuloteni a mitundu iwiri amene akutikhudza pano. Oyamba amatchedwa mucin. Ndi aataliatali, amasunga madzi, ndipo ndiwo amachititsa malovu kunanda. Taganizirani therere lophikidwa bwino, momwe mbamu ya nsima imatsikira yokha osachita kuikakamiza. Mucin ndi therere lopyapyala kwambiri lopakidwa m'kamwa monse usana ndi usiku. Ena amayandama m'malovu, ena amamatirira pakhungu la m'kamwa n'kupanga kansalu kosaoneka ndi maso. Pa chifukwa chimenechi lilime limagunda mano ndi nkhama kambirimbiri patsiku osanyuka. Kufunika kwake amakudziwa bwino ndi anthu amene malovu anawachepera chifukwa cha mankhwala ena kapena ukalamba. Kulankhula kumawavuta, kumeza kumawavuta, ndipo mano amabooka msanga.

Mtundu wachiwiri ndi mapuloteni okhala ndi proline wambiri. Proline ndi kamodzi mwa tizidutswa 20 timene timalumikizana popanga puloteni aliyense. Anders Bennick wa ku yunivesite ya Toronto ndi mmodzi mwa amene anawafufuza kwambiri kuyambira m'ma 1970. M'malovu ochokera m'tiziwalo takukhutu tija, mapuloteni amenewa amafika pafupifupi magawo 70 pa 100 a mapuloteni onse. Ena mwa iwo zinadziwika msanga kuti amasunga calcium woteteza mano. Koma panali gulu lina lalikulu limene ntchito yake sinkaoneka. Thupi silitaya mphamvu pachabe, ndiye funso linali lakuti: likupangiranji zochuluka chotere?

Zimene makoswe odya mapira anaphunzitsa asayansi

Yankho silinachokere kwa akatswiri a vinyo. Linachokera kwa ofufuza za mapira ku yunivesite ya Purdue ku America, amene nkhawa yawo inali chakudya cha anthu a ku Africa ndi ku India. Mu 1981, Ann Hagerman ndi Larry Butler anaonetsa kuti tanini samangogwira puloteni aliyense mofanana. Amasankha, ndipo amene amamukonda koposa ndi wokhala ndi proline wambiri. Chifukwa chake chili m'kaumbidwe. Mapuloteni ambiri amadzipinda n'kubisa mbali zawo zambiri mkati. Proline amalepheretsa kupindikaku, choncho puloteniyo amakhala wotambasuka, malo ogwirapo ali poyera paliponse.

Patapita zaka ziwiri, mu 1983, Haile Mehansho pamodzi ndi Butler ndi Don Carlson anadyetsa makoswe aang'ono mapira a tanini wambiri. Masiku oyambirira makoswewo anaonda. Koma pofika tsiku lachitatu, tiziwalo tawo ta malovu takukhutu tinali titakula pafupifupi katatu, ndipo mapuloteni a proline aja anali atachuluka pafupifupi ka 12. Kuyambira pamenepo makoswewo anayambanso kukula. Atayesa tinyama tina totchedwa hamster, timene thupi lake silitha kuchulukitsa mapuloteniwa, tinapinimbira ndipo tambiri tinafa. Kwa ine apa m'pamene pali mtima wa nkhani yonseyi. Mapuloteni aja alipo kuti agwidwe. Amathamangira kukakumana ndi tanini pakhomo penipeni, kuti asakafike m'mimba ali womasuka n'kukamanga puloteni wa m'chakudya kapena timadzi togayira chakudyacho. Puloteni wotsika mtengo amaperekedwa kuti wamtengo wapatali apulumuke. Ife anthu sitichita kudikira masiku atatu ngati makoswe. Mapuloteniwa timakhala nawo nthawi zonse.

Kugwiranako kumayenda pang'onopang'ono, monga anaonetsera asayansi a ku Sheffield ku England, kumene Edwin Haslam anathera zaka zambiri pa nkhani ya tanini. Poyamba tanini angapo amamatirira pa puloteni mmodzi. Kenako tanini mmodzi, poti ali ndi malo ogwirira ambiri, amagwira mapuloteni awiri nthawi imodzi n'kuwalumikiza. Zikapitirira, timagulu timeneti timakula mpaka sitingayandamenso m'madzi, ndiye timagwa ngati zinyenyeswa. Izi zimaoneka ndi maso. Mukachukucha vinyo wofiira m'kamwa kwa masekondi khumi n'kulavulira m'kapu yoyera, mumaona tiulusi tofiira tikuyandama. Amenewo ndi malovu anu atamangidwa ndi tanini.

Tanini akakhala wochepa, mapuloteni a proline amamumaliza yense ndipo simumva kanthu kwenikweni. Akachuluka, wotsalayo amafika pa mucin ndi pa kansalu kaja ka pakhungu. Therere lija limaduka, kuterera kumatha, lilime limayamba kukhulana ndi nkhama, ndipo mitsempha yomvera kukhudza imatumiza uthenga ku ubongo kuti m'kamwa mwauma. Chodabwitsa n'chakuti madzi amakhala alimo ambiri. Chasowa n'kuterera basi. Izi zikufotokozanso chifukwa chake kukhakhala kumachedwa kuyamba komanso kumaunjikana. Kumanganako kumatenga nthawi, ndipo mukamwanso malovu atsopano asanakwane, tanini wachiwiri amapeza pakhomo palibe womulandira.

Ofufuza anapezanso zofanana ndi zimenezi pa nyama zina. Agwape a ku America otchedwa mule deer, amene amadya masamba a mitengo, ali ndi mapuloteni omanga tanini m'malovu awo, pomwe ng'ombe ndi nkhosa, zimene zimadalira udzu, zilibe ambiri. Udzu ulibe tanini wochuluka, masamba a mitengo ndiwo ali naye.

Mmene tanini amalowera mu vinyo

Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Mtundu uli m'khungu, ndipo tanini ali m'khungu, m'njere ndi m'timapesi. Popanga vinyo woyera amafinya mphesa n'kutaya makoko msanga, ndiye tanini amalowamo wochepa. Popanga wofiira amasiya madzi, makoko ndi njere ziwirire limodzi kwa masiku angapo, mwina masabata, ndipo mowa ukamachuluka umasungunula tanini wambiri, makamaka wa m'njere. Vinyo wina amamusunganso m'migolo yamatabwa a oak, imene imawonjezera tanini wamtundu wina.

Mitundu ya mphesa nayo imasiyana kwambiri. Cabernet Sauvignon, Tannat ndi Nebbiolo zimadziwika ndi tanini wambiri, pomwe Pinot Noir ali ndi wochepa. Pinotage, amene mumamuona pa mabotolo ambiri a ku South Africa, anapangidwa mu 1925 ndi Abraham Perold wa ku Stellenbosch pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo kawirikawiri amakhakhala kuposa makolo ake onse awiri. Mabotolo awiri ooneka ofiira mofanana angasiyane tanini kakhumi kapena kuposa. Kukula kwa tanini kumasinthanso zimene mumamva: tating'onoting'ono timawawa kwambiri, ataliatali amakhakhalitsa kwambiri.

Opanga vinyo sachotseratu tanini yense chifukwa ali ndi ntchito. Amateteza vinyo kuti mpweya usamuwononge msanga, amathandiza mtundu wofiira kukhalitsa, ndipo okonda vinyo amati popanda iye chakumwacho chimamveka chamadzimadzi. Koma akachuluka amamuchepetsa, ndipo njira yake yakale ndi yochititsa chidwi. Ku Bordeaux m'dziko la France amathira zoyera za mazira mumgolo. Ena amathira gelatin, puloteni wochokera m'zikopa ndi m'mafupa a nyama, kapena puloteni wa mumkaka. Puloteniyo amagwirana ndi tanini, zonse n'kugwera pansi, vinyo wotsala pamwamba n'kumutsanulira kwina. Ndiye kuti dzira lagwira mumgolo ntchito imene malovu anu akanagwira m'kamwa.

Apa mitsutso iwiri ya pa ukwati ija yayankhika. Kukhakhala si chizindikiro cha ukali. Kachasu amaposa vinyo kutali pa ukali, amatentha kukhosi, koma sakhakhalitsa chonchi poti alibe tanini. Si chizindikironso cha kuwonongeka. Vinyo wowonongeka amadziwika ndi fungo, la viniga kapena la katoni yonyowa. Ndipo vinyo wofiira wotsekemera, amene ambiri kuno amamukonda, si kuti alibe tanini. Shuga amangomuphimba, pomwe asidi amamuonetsera poyera.

Chakudya chimasinthanso zinthu. Mkaka mu tiyi uli ndi puloteni wotchedwa casein, yemwenso ali ndi proline wambiri, choncho amagwirana ndi zokhakhalitsa za mu tiyi zikadali m'kapu. Mafuta nawo amathandiza. Mu 2012 gulu la Breslin linapatsa anthu nyama yonona, ena akumwera tiyi, ena madzi. Omwera tiyi anamva kuti mafuta achoka bwino m'kamwa kuposa omwera madzi. Kunona kumatereretsa mopitirira, kukhakhala kumabweza, ziwirizi n'kumalinganizana. Anthu a ku Ulaya amadyera vinyo wofiira nyama ndi tchizi pa chifukwa chimenechi, ndipo kwathu kuno tiyi wopanda mkaka amayendera bwino mandasi ndi zitumbuwa.

Nanga za magazi zija?

Mbali imeneyi ndi imene ndikufuna aliyense aimvetse, ngakhale amene alibe nazo ntchito za vinyo. Tanini sagwira puloteni yekha. Amagwiranso ayironi. Mukadula nthochi zaiwisi ndi mpeni wachitsulo wamba, mpeniwo umada bii. Tiyi wophikidwa ndi madzi a pa mjigo wina wa ayironi wambiri amatuluka wakuda modabwitsa. Ku Ulaya, kwa zaka mazanamazana, inki yolembera ankaipanga posakaniza tanini ndi ayironi.

Zomwezo zimachitika m'matumbo. Mu 1975 ofufuza a ku South Africa, Peter Disler ndi anzake, anaonetsa kuti kumwera tiyi chakudya kumachepetsa kwambiri ayironi amene thupi limatenga, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti kuchepako kumatha kupitirira theka. Wokhudzidwa kwambiri ndi ayironi wa m'zomera, monga nyemba, nandolo, soya ndi ndiwo zamasamba. Wa m'nyama ndi m'nsomba sakhudzidwa kwenikweni. Kwa banja limene nyama imaoneka mwa apo ndi apo, komanso kwa mayi woyembekezera amene akumwa mapiritsi owonjezera magazi ochokera kusikelo, nkhaniyi si yaing'ono. Achipatala amalangiza kusiyanitsa tiyi ndi chakudya kapena mapiritsiwo ndi ola limodzi kapena kuposa, komanso kudya zinthu za vitamini C monga malambe, gwafa, matimati ndi malalanje, chifukwa zimathandiza ayironi kulowa m'thupi.

Choncho kufiira kwa vinyo sikukhudzana ndi magazi. Ndi utoto wa m'khungu la mphesa basi, ndipo zoyesa zinaonetsa kuti thupi limatenga gawo lochepa la ayironi kuchokera mu vinyo wofiira kusiyana ndi woyera. Komanso tanini saumitsa magazi amene ali kale m'mitsempha. Chimene amachita ndi kutsekereza ayironi wina wa m'chakudya cha nthawi yomweyo.

Za mtima zili ndi mbali ziwiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Serge Renaud wa ku France anafalitsa maganizo akuti anthu a kwawo sadwala mtima kwambiri ngakhale amadya zonona, ndipo vinyo angakhale chifukwa chimodzi. Ena pambuyo pake analoza tanini wa m'njere za mphesa kuti ndiye amathandiza mitsempha ya magazi. Otsutsa amati omwa vinyo pang'ono m'maiko amenewo kawirikawiri ndi anthu opeza bwino, odya bwino, opita kuchipatala msanga, ndiye n'kovuta kudziwa chimene chikuwateteza. Mu January 2023 bungwe la World Health Organization linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza, makamaka pa nkhani ya khansa. Mbali zonse zimavomereza kuti mankhwala a gulu la tanini amapezekanso mu tiyi, mtedza, nyemba zofiira ndi zipatso, mopanda mowa.

Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu ndi lakuti kodi kutha kwa kuterera ndiko kokha kumene timamva. Makina oyezera kukhulana asonyeza kuti pali mankhwala ena a mu tiyi amene anthu amati akukhakhalitsa, koma sachepetsa kuterera kwa malovu. Mu 2014 Nicole Schöbel ndi anzake ku Bochum m'dziko la Germany anapeza kuti anthu amene mtsempha wawo wolawira unachititsidwa dzanzi amamvabe kukhakhala, koma kumachepa akachititsanso dzanzi mtsempha wa trigeminal, umene umamva kukhudza, kutentha ndi ululu wa tsabola. Iwo anaonanso zizindikiro zakuti mankhwala ena okhakhalitsa amadzutsa mtsempha umenewu mwachindunji, osadzera m'malovu. Ku Dijon, Francis Canon ndi gulu lake akuti chinsinsi chili pa puloteni wotchedwa MUC1, wozikika pakhungu la m'kamwa, amene amakokedwa tanini akamanga kansalu kaja. Mwina njira zonsezi zimagwira limodzi, koma gawo la iliyonse silinadziwike. Palinso alum, mankhwala oyeretsera madzi, amene amakhakhalitsa kwambiri chonsecho si tanini.

Lachiwiri ndi la vinyo wokhalitsa. Amene amasunga mabotolo zaka zambiri amavomereza kuti kukhakhala kumafewa. Kale ankati tanini amalumikizana n'kukhala wamtali mpaka kugwera pansi pa botolo. Kuyeza kwatsopano kukusonyeza kuti nkhani si yophweka chotero. Tanini amaduka, amalumikizananso, amagwirana ndi utoto wofiira uja, ndipo kaumbidwe kake kamasintha. Kusintha kumene kumafewetsadi vinyo pakati pa zonsezi akatswiri akutsutsanabe.

Lachitatu likukhudza anthufe. Awiri akhoza kumwera tambula imodzi, wina n'kukwinya nkhope, wina osamva kanthu. Zinapezeka kuti otulutsa malovu ambiri, komanso amene mapuloteni awo amabwerera msanga, samva kukhakhala kwambiri. Koma kodi zimenezi n'zobadwa nazo, kapena thupi limaphunzira monga anachitira makoswe aja? Funsoli ndi lofunika kwa ife kuposa kwa omwa vinyo. Kafukufuku wa chakudya cha tsiku limodzi amasonyeza kuti tanini amatsekereza ayironi wambiri, koma wotsatira anthu kwa miyezi sapeza kuchepa magazi kwakukulu monga mmene tikanayembekezera. Ena akuganiza kuti malovu a munthu wodya tanini tsiku ndi tsiku amasintha n'kumamuteteza. Umboni wake ukadali wochepa, ndipo wambiri unatengedwa kwa anthu odya mokwanira a m'maiko olemera. Pamene alangizi a zaulimi akulimbikitsa mapira ndi mawere chifukwa cha mvula yosadalirika, mlimi wa ku Chulu kapena ku Santhe afunika kudziwa ngati adzale mtundu umene mbalame zimausiya kapena umene thupi la mwana wake lipindule nawo kwambiri, ndipo yankho lokwanira pa zimenezi silinapezeke.